Mtedza wathu umathera kuti? Kuyerekeza kakonzedwe ka mtedza m'Malawi ndi m'maiko ena

Mu Malichi 2025 boma linaika chiponde pa mndandanda wa katundu woletsedwa kulowa m'dziko muno kuchokera kunja, pamodzi ndi mpunga, uchi, mkaka, mbatata ya kachewere ndi zina. Cholinga chake chinali kusunga ndalama zakunja ndi kupatsa mpata makampani a m'dziko muno. Komabe kupezeka kwa chiponde pa mndandandawo kunadzutsa funso limene alimi ndi amalonda ayenera kuliganizira mofatsa. Dziko limene m'chaka cha mvula yabwino limakolola matani pafupifupi 400,000 a mtedza linafika bwanji pogula chiponde cha m'mabotolo kwa anzathu akunja, pamene ena mwa iwo amadzagula mtedza wosakonza kwa ife tomwe?

Nkhani ino ikuyerekeza kuchuluka kwa mtedza umene maiko osiyanasiyana amakonza m'mafakitale, ndipo yalembedwa poganizira makamaka alimi ndi amalonda a pa Chitakale m'boma la Mulanje. Mulanje si kuchimake kwa mtedza. Mbewuyi imalimidwa kwambiri ku Mchinji, Lilongwe, Kasungu, Dowa, Ntchisi ndi Dedza, pamene kuno minda ndi yaing'ono, yopanikizika pakati pa phiri ndi minda ya tiyi, ndipo nandolo, chinangwa, nthochi ndi zinanazi ndizo zimatenga malo. Koma Chitakale ndi mphambano. Msewu wochokera ku Limbe umakumana pamenepa ndi wa ku Likhubula ndi ku Phalombe, ndipo chipata cha Muloza, potulukira kupita ku Milange m'dziko la Mozambique, chili pafupi. Mtedza umadutsa, umagulitsidwa, umakazingidwa ndi kusinjidwa pa malo amenewa tsiku ndi tsiku. Zimene zimachitikira thumba la mtedza pa msika wotere ndizo zimatiuza chifukwa chimene mafakitale athu sakukulira.

Manambala a maiko akuluakulu

Dziko lonse lapansi limakolola matani opitirira 50 miliyoni a mtedza wa m'makoko pachaka. China yokha imakolola matani oposa 18 miliyoni, makamaka m'zigawo za Henan ndi Shandong, ndipo pafupifupi theka la mtedza umenewu limapita ku makina oyenga mafuta. Izi zikutanthauza kuti mtedza umene China imayenga m'milungu itatu ungapose zokolola za Malawi yense za chaka chathunthu. India ndi yachiwiri. Chiwerengero cha boma lake chimafika pa matani pafupifupi 10 miliyoni, ngakhale unduna wa zaulimi wa ku United States umaika chiwerengero chotsikirapo, ndipo chigawo cha Gujarat ndicho chimatsogola pa kulima ndi kuyenga komwe. Mu Africa, Nigeria imatsogola ndi matani oposa 4 miliyoni.

Woona manambala amenewa angafulumire kunena kuti dziko loyenga mafuta ambiri ndilo lapita patsogolo, ndipo Malawi atsatire njira yomweyo. Apa mpofunika kusamala. Mabuku a malonda a padziko lonse akamanena za mtedza wokonzedwa, kawirikawiri amawerenga wokhawo woyengedwa mafuta. Sawerenga woswedwa ndi kusankhidwa, wokazinga, wa chiponde, kapena nsinjiro zimene amayi amasinja mu mtondo. Komanso ena amawerenga mtedza wa m'makoko pamene ena amawerenga woswa kale, chonsecho makilogalamu 100 a m'makoko amatulutsa makilogalamu pafupifupi 70 okha akasweka. Wamalonda woyerekeza mitengo ya maiko awiri asanafunse kuti ndi mtedza uti umene ukunenedwa akhoza kulakwitsa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu.

China ndi India zimayenga kwambiri chifukwa anthu ake amakonda kuphikira mafuta a mtedza ndipo amalolera kuwagula pa mtengo wokwera kuposa a soya. United States, imene imakolola matani pakati pa 2.5 miliyoni ndi 3 miliyoni, pafupifupi theka lake m'chigawo cha Georgia, imayenga gawo laling'ono chabe. Mtedza wochuluka kumeneko umapita ku chiponde, ku maswiti ndi ku mtedza wokazinga wa m'mapaketi, ndipo lamulo lawo limati chiponde chisachepere magawo 90 pa 100 a mtedza weniweni. Pa mndandanda wa oyenga mafuta dzikoli lili m'munsi mwa China ndi India, koma palibe anganene kuti mtedza wake sukonzedwa.

Argentina ndiyo yoyenera kuiyang'anitsitsa

Pa maiko onse, limene lingatiphunzitse zambiri ndi Argentina. Zokolola zake zimangopitirira matani miliyoni imodzi m'zaka zambiri, kutanthauza kuti zimaposa zathu katatu kapena kanayi kokha, osati koposa ka 40 monga China. Anthu ake sadya mtedza wambiri. Koma dzikoli lili m'gulu la otsogola pogulitsa mtedza kunja, ndipo ndilo limadyetsa kwambiri msika wa ku Europe, umene malamulo ake ndi okhwima kuposa ena onse. Pafupifupi ntchito yonse yokonza mtedza imachitikira m'chigawo chimodzi cha Córdoba, m'matauni aang'ono monga General Deheza ndi General Cabrera, kumene mafakitale ali pakati pa minda. Mtedza umafika ku fakitale uli m'makoko, umaumitsidwa ndi makina mpaka chinyezi chitatsika bwino, umasungidwa m'makoko momwemo, ndipo umaswedwa pokhapokha wogula akapezeka. Ukasweka umadutsa m'makina oona mtundu amene amachotsa njere iliyonse yothimbirira, ndipo wambiri umachotsedwanso khungu lofiira lija kuti zowola zobisika zionekere. Ngakhale makoko satayidwa: mafakitale ena amawatentha n'kupanga magetsi.

Palibe chachilendo m'zimenezi kwa munthu wa ku Mulanje, chifukwa tiyi amayenda momwemo. Masamba othyoledwa m'mawa amayenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo, amayezedwa pa sikelo, amalembedwa m'buku, ndipo kilogalamu iliyonse yotuluka m'dziko imadziwika kumene inachokera. Alimi ang'onoang'ono a tiyi, monga a bungwe la Sukambizi Association Trust amene amagulitsa masamba awo ku Lujeri, amadziwiratu wogula asanathyole. Malawi amapanga tiyi matani pafupifupi 50,000 pachaka, pamene mtedza ndi wochuluka kuwirikiza kasanu ndi katatu, koma tiyi yense amadutsa m'fakitale, pamene gawo lalikulu la mtedza limachoka pa munda kupita kwa venda, kwa venda wina, mpaka kuoloka malire popanda woulemba.

Zimene zinachitika ku Senegal ndi ku Nigeria

Kumanga fakitale pakokha si yankho, ndipo Senegal ndi mboni. Dzikoli linakhazikitsa kampani ya boma ya SONACOS mu 1975, yokhala ndi mafakitale oyenga mafuta ku Kaolack, Ziguinchor, Diourbel ndi ku Dakar. Kampaniyi inagulitsidwa kwa anthu wamba mu 2005, ndipo boma linadzaitenganso patapita zaka pafupifupi khumi. Mu 2014 Senegal inagwirizana ndi China za malonda a mtedza, ndipo ogula ochokera kumeneko anayamba kufika mpaka m'midzi, akulipira ndalama pompopompo pa mtengo woposa wa fakitale. Alimi anasangalala, ndipo anali ndi chifukwa chomveka. Koma makina a SONACOS anakhala nyengo zina akugwira ntchito pang'ono chabe chifukwa chosowa mtedza. Kumapeto kwa 2024 boma linaimitsa kugulitsa mtedza kunja pofuna kuteteza mafakitale, kenaka linatsegulanso patangopita miyezi yochepa. Mkangano wake ndi umene tikuudziwa kuno pa soya ndi chimanga: ukatseka chipata mlimi amalira mtengo, ukachitsegula fakitale imalira katundu.

Ku Nigeria, mzinda wa Kano unkatchuka ndi milu ikuluikulu ya matumba a mtedza osanjikidwa ngati mapiri, oyembekezera sitima yopita ku doko. Milu imeneyi inatha m'zaka za m'ma 1970 chifukwa cha chilala, mliri wa kadukutu wa mu 1975, ndi kutembenukira kwa dziko ku mafuta a pansi panthaka. Lero Nigeria imakololanso wambiri, koma pafupifupi wonse umadyedwa komweko, ndipo gawo lalikulu limayengedwa ndi amayi m'makomo ndi m'timakina ting'onoting'ono. Pa zimenezi akufanana nafe.

Pamene Malawi aima

Mpaka m'zaka za m'ma 1980 mtedza wa Chalimbana, wa njere zikuluzikulu, unkagulidwa ndi ADMARC, kusankhidwa ndi manja, ndi kutumizidwa ku Europe, makamaka ku Britain. Msika umenewu unatayika. Zifukwa zake zinali zingapo: kumasulidwa kwa malonda a zokolola kuyambira mu 1987 kunachotsa wogula mmodzi amene ankayang'anira kasankhidwe, mbewu yabwino inasowa, ndipo ogula a ku Europe anakhwimitsa malamulo a poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amachokera ku chuku. Kuyambira mu 1999 maiko a European Union salola mtedza wodyedwa mwachindunji kupitirira magawo 4 a poizoniyu pa magawo biliyoni imodzi. United States imalola mpaka 20.

Ntchito yobwezeretsa mbewuyi yachitika ndithu. Akatswiri a pa Chitedze, mogwirizana ndi bungwe la ICRISAT, anatulutsa CG7 mu 1990, kenaka Nsinjiro yopirira ku kadukutu, Kakoma, Baka, Chitala ndi mitundu ina yatsopano. Alimi a NASFAM a ku Mchinji analandira chiphaso cha Fairtrade mu 2004 n'kuyambanso kutumiza mtedza ku Britain, ndipo fakitale ya Afri-Nut inatsegulidwa ku Lilongwe. Makampani monga Rab Processors amapanga chiponde cha m'masitolo. Project Peanut Butter ku Blantyre ndi Valid Nutrition ku Lilongwe anadziwika popanga chiponde cha kuchipatala, chochiritsira ana onyentchera, chimene chinayesedwanso m'Malawi momwe muno. Mu 2022 kampani ya Pyxus Agriculture inatsegula fakitale ku Kanengo imene inalengezedwa kuti ingathe kukonza matani 50,000 pachaka. Imeneyi ndi fakitale yaikulu pa muyezo wathu, komabe ngakhale itadzaza chaka chonse ingangotenga gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a zokolola za chaka chabwino. Ndipo onani kuti pafupifupi mafakitale onsewa ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre.

Pa kuyenga mafuta, chiwerengero chathu ndi chochepa kwambiri. Makampani akuluakulu a mafuta ophikira amadalira soya, mpendadzuwa ndi mafuta a kanjedza ogulidwa kunja. Si kuti mtedza ulibe mafuta, poti njere yake ili ndi mafuta pafupifupi theka la kulemera kwake, kuposa soya kawiri. Vuto ndi mtengo. Wogula wochokera ku Tanzania, Kenya kapena Zimbabwe amalipira kilogalamu ya mtedza wabwino ndalama zimene woyenga mafuta sangafikepo n'kupezabe phindu. Choncho mtedza wathu wabwino umatuluka wosakonza, wina kudzera m'njira zovomerezeka, wina m'njira zachidule.

Kumene mtedza wokanidwa umapita

Apa ndi pamene kuyerekeza maiko kumaonetsa chinthu chimene manambala a matani amabisa. Ku United States katundu aliyense wofika pa malo ogulira amayang'aniridwa, ndipo akapezeka ndi chuku cha mtundu woopsawo kawirikawiri amapita koyenga mafuta. Ku Argentina njere zokanidwa ndi makina zimapitanso komweko. Chifukwa chake n'chakuti mafuta akayengedwa ndi kuyeretsedwa mokwanira m'fakitale, poizoni uja amachotsedwa. M'maiko amenewo makina oyenga mafuta ali ngati dzala lotayirako zoipa, koma dzala lobweza ndalama.

Kuno dzala limenelo kulibe. Wamalonda akasankha mtedza wotumiza kunja, zotsalira zija, njere zosweka, zofota, zothimbirira ndi zoboola tizilombo, sizitayidwa. Zimagulitsidwa motchipa, zimafika m'misika ya m'maboma, ndipo zimathera ku nsinjiro, poti zikasinjidwa palibe angadziwe kuti njere zake zinali zotani. Nsinjiro zomwezo n'zimene timatendera nazo mpiru ndi nkhwani, kuphikira futali, ndi kuthira m'phala la mwana. Tikamakondwa kuti tagulitsa kunja mtedza wosankhidwa bwino, tizikumbukira kuti poizoni amene tachotsa m'thumba la mlendo sanachoke m'dziko. Waunjikana m'thumba lotchipa.

Poizoni ameneyu saoneka, sanunkha, ndipo kukazinga kapena kuwiritsa sikumuthetsa. Amawononga chiwindi, amayambitsa khansa ya chiwindi makamaka mwa anthu amene ali kale ndi matenda a chiwindi, amafooketsa chitetezo cha m'thupi, ndipo akatswiri amamugwirizanitsa ndi kupinimbira kwa ana. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko muno wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Zifukwa za kupinimbira ndi zambiri, koma chakudya chimene tikudalira kuti chimange thupi la mwana sichiyenera kukhala chimodzi mwa izo. Ziweto nazo sizipulumuka: poizoniyu anadziwika koyamba mu 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chopangidwa ndi zotsalira za mtedza woyengedwa wochokera ku Brazil. Amene ali ndi timakina toyengera mafuta adziwe kuti mafuta osayeretsedwa angathe kukhalabe ndi poizoni, ndipo zotsalira zake ndizo zimasunga wochuluka.

Misika ya maiko oyandikana nafe, imene tinkaiona ngati yosavuta, ikukhwimanso. Mu Novembala 2019 bungwe loona za miyezo ku Kenya linaimitsa mitundu isanu ndi iwiri ya chiponde chifukwa cha poizoniyu, ndipo mu Febuluwale 2024 mitundu ingapo inachotsedwa m'masitolo a ku South Africa pa chifukwa chomwecho. Dziko likachita zotere, chotsatira ndi kufunsa kumene mtedzawo unachokera.

Chifukwa chake Mulanje ayenera kusamala koposa

Chuku chimalowa mu mtedza pa nthawi ziwiri. Choyamba ndi m'munda, mvula ikadula msanga mtedza usanakhwime ndipo makoko n'kung'ambika m'nthaka youma. Chachiwiri ndi pambuyo pokumba, mtedza ukachedwa kuuma kapena ukanyowanso. Ku chigawo chapakati vuto lalikulu limakhala loyambalo. Ku Mulanje ndi lachiwiri. Boma lino lili m'gulu la madera olandira mvula yochuluka m'dziko muno, ndipo nthawi yokumba ndi kuyanika mtedza, kuyambira Epulo mpaka Julayi, ndiyo nthawi ya chiperoni, pamene mitambo imaphimba phiri ndipo mvula yowaza imatha masiku angapo osaleka. Thumba lochokera ku Mchinji litauma bwino likhoza kuyamba chuku m'shopu ya pa Chitakale ngati laikidwa pa simenti yopanda thandala kapena kutsamira khoma lonyowa.

Pali chizolowezi chimodzi choyenera kuchitchula poyera. Anthu ambiri amawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe poswa ndi manja, ndipo ena amatero dala kuti katundu alemere pa sikelo. Njere zonyowazo zikalowa m'thumba la pulasitiki, chuku chimamera m'masiku ochepa. Wogula naye ali ndi mbali yake pa mlanduwu: akamalipira mtengo umodzi pa mtedza wouma ndi wonyowa, wosankha ndi wosasankha, mlimi wosamala amakhala ngati walangidwa chifukwa cha khama lake. Fakitale ya ku Córdoba inathetsa vutoli pogula mtedza uli m'makoko. Makampani ena kuno ayamba kuchita chimodzimodzi ndi alimi amene achita nawo mgwirizano, ndipo m'madera a chinyezi ngati lino njira imeneyi ndi yoyenera kuposa kwina kulikonse.

Njira zochepetsera vutoli alangizi a zaulimi amazidziwa ndipo si zodula: kubzala ndi mvula yoyamba, kutseka mizere kuti isunge madzi, kukumba mtedza utakhwima bwino osauchedwetsa, kuuyanika m'milu yokhala ndi mpata wa mpweya pakati monga mwa njira ya Mandela cock, kapena pa thandala m'malo mwa pa dothi, ndi kuusunga m'makoko mpaka tsiku logulitsa. Palinso mankhwala achilengedwe otchedwa Aflasafe, opangidwa ndi bungwe la IITA, amene amawazidwa m'munda mtedza usanachite maluwa kuti chuku chosaopsa chilande malo a choopsacho.

Kwa magulu a amayi ndi makopaletivi amene akufuna kupanga chiponde kapena nsinjiro za m'mapaketi, mpata ulipo ndithu, popeza Chitakale ali pafupi ndi Limbe, ndi ogwira ntchito m'minda ya tiyi, ndi alendo okwera phiri kudzera ku Likhubula. Koma ndalama zoyambirira zisathere pa makina ogaya okha. Chofunika choyamba ndi kachipangizo koyezera chinyezi, malo ouma osungiramo katundu, tebulo losankhirapo, ndi mgwirizano ndi alimi odziwika. Katundu wopita m'masitolo ayenera kuyezedwa ndi kulandira chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, limene likulu lake lili ku Blantyre. Ndipo gulu lililonse, lisanagule thumba loyamba, ligwirizane za kumene njere zokanidwa zidzapite. Zowola ndi zachuku zikwiriridwe kapena kutenthedwa, zisagulitsidwe kwa osinja nsinjiro, ndipo zisaperekedwe kwa nkhuku kapena ng'ombe za mkaka, chifukwa poizoni amadutsa m'thupi la ng'ombe n'kukapezeka mu mkaka.

Amalonda odutsa ndi mtedza pa Muloza, kulowa kapena kutuluka, akumbukire kuti zokolola zimafuna zikalata zoyenera, kuphatikizapo chiphaso chotsimikiza kuti mbewu ilibe matenda ndi tizilombo. Malamulo a katundu wolowa ndi wotuluka amasintha nthawi ndi nthawi pansi pa lamulo la Control of Goods Act la 2018, choncho ndi bwino kufunsa ku ofesi ya zamalonda ya pa boma kapena kwa akuluakulu a pa chipata galimoto isanapakiridwe.